Kodi uthenga wa pa foni ungayambitse nkhondo?

Mayi wina wandilembera motere:

"Ndine mayi wa ana atatu. Mwana wanga wachisamba ali kunja, akuphunzira za udokotala. Chipitireni iye, foni sichoka m'manja mwanga. Usiku uliwonse ndimaona atsogoleri a mayiko akunyozana ndi kuopsezana pa X ndi pa Facebook, uyu akuti tikuphulitsani, uyo akuti tayesani muone. Tulo sindikuona. Kale tinkamva kuti nkhani za mayiko amakamba ndi akazembe, m'zipinda, mwaulemu. Kodi ntchito imeneyi inatha? Kodi n'zotheka kuti tsiku lina tidzadzuke nkhondo itayamba chifukwa cha zimene munthu mmodzi walemba pa foni yake? Nanga mwana wangayu ndimuuze chiyani?"

Mayi, khazikitsani mtima pansi kaye. Funso lanu ndi lomveka, ndipo ngakhale anthu amene akalambira pa ntchito ya ukazembe amalifunsa. Ine ndakhala zaka zambiri pa ntchito imeneyi, poyamba ndikulemba makalata a ku unduna, kenako ndikukhala nawo m'zipinda za zokambirana, ndipo masiku ano ndimaphunzitsa achinyamata amene akuyamba kumene. Akazembe akadalipo, ntchito yawo ikugwirika tsiku ndi tsiku, ndipo zambiri mwa zimene mumawerenga usiku zimathera pa galasi la foni pomwepo. Koma ndikhala ndikukunamizani ndikati palibe chasintha. Masamba a mchezo alanda akazembe zinthu ziwiri zimene ntchito yawo inkatsamira: nthawi yoganiza, ndi mpata woti munthu abwerere m'mbuyo osachita manyazi.

Ndiyambe ndi mmene zinkakhalira, kuti muone chimene chatayika. Pamene ndinkayamba ntchito, boma likafuna kudandaula kwa boma linzake, kalata inkadutsa m'manja mwa anthu asanu kapena kuposa isanatuluke pa chipata. Sindiiwala usiku wina tinachezera mu ofesi tikulimbana ndi liwu limodzi lokha. Ena ankati tilembe kuti boma "lakhumudwa", ena ankati ayi, tingoti "lili ndi nkhawa". Mkulu amene ankatiyang'anira ankasunga pensulo yofiira kuseri kwa khutu. Anaisolola, n'kudula mzere pa "lakhumudwa", n'kutiuza kuti munthu wokhumudwa amadikira kupepesedwa, pomwe anzathuwo sakanapepesa, ndiye tikanangodzitsekera tokha khomo. Mmene kunkacha, mkwiyo wa dzulo unali utaphwa ngakhale kwa amene anatitumayo. Kalata inaperekedwa pamanja kwa kazembe wa dzikolo, chitseko chili chotseka. Patapita masabata angapo anakonza chimene tinkadandaula, mwakachetechete, ndipo palibe nyuzipepala imene inalemba kuti wakutiwakuti wagonja. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Kazembe ankayenera kukhala dambo limenelo, ndipo kuchedwa kwa makalata kunkamuthandiza.

Malamulo a ntchitoyi alipobe, m'pangano la ku Vienna la 1961 limene pafupifupi mayiko onse analivomereza. Limateteza kazembe kuti asamangidwe, limamuletsa kulowerera nkhani za m'kati mwa dziko limene akukhala, ndipo limapatsa dzikolo ufulu womuuza kuti sakufunikanso, ngakhale osapereka chifukwa. Amene analemba panganoli sankaganiza za tsiku loti ofesi ya kazembe idzatha kulankhula ndi anthu wamba a dzikolo m'mphindi imodzi, m'chilankhulo chawo, boma lawo lisanamve n'komwe.

Taonani zimene zinachitika mu Ogasiti 2018. Unduna woona za ubale ndi mayiko ena wa ku Canada unalemba pa Twitter (imene masiku ano imatchedwa X) kuti boma la Saudi Arabia limasule nthawi yomweyo anthu omenyera ufulu amene linawatsekera, mmodzi wa iwo Samar Badawi. Ofesi ya kazembe wa Canada ku Riyadh inaikanso uthengawo m'Chiarabu. Sipanathe masiku ambiri, Saudi Arabia inathamangitsa kazembe wa Canada, inaitanitsa wake, inaimitsa malonda atsopano, inaletsa ndege zake kupita ku Toronto, n'kulamula ophunzira ake masauzande amene anali m'masukulu a ku Canada kuti achokeko. Akazembe anadzabwereranso mu 2023. Zimene Canada inanena sizinali zachilendo, mayiko amauzana zoterezi m'zipinda chaka ndi chaka, ndipo kwa ine dandaulolo linali loyenera. Chimene chinawawa ndi bwalo limene linanenedwera. Akakuuza kuti "nthawi yomweyo" pamaso pa anthu ako, m'chilankhulo chawo, ukamasula omangidwawo aliyense adziwa kuti wachita kulamulidwa ndi mlendo. Mtsogoleri akafika pamenepo amauma khosi, ngakhale mumtima akanakonda kufewa. Ndipo onani amene anavutika nazo: ophunzira, ana a anthu ngati wanuyo, amene anangodzuka n'kupeza maphunziro awo ali m'malere.

Chinthu choyamba chimene ndimauza ophunzira anga n'chakuti akaona mtsogoleri walemba zoopseza, azidzifunsa kuti akufuna amve ndani. Kawirikawiri amene watchulidwa dzinayo ndi pongotsamira. Amene akulankhulidwa kwenikweni ndi anthu a kwawo kwa wolembayo: ovota, asilikali, anzake a m'chipani amene ayamba kunong'onezana kuti mkuluyu wafooka. Pa 2 Januwale 2018, Donald Trump analemba pa Twitter kuti batani lake la zida za nyukiliya ndi lalikulu komanso lamphamvu kuposa la Kim Jong Un wa ku North Korea. Anthu ambiri anagona ndi mantha ngati anuwa. Pa 12 Juni chaka chomwecho, awiriwa ankagwirana chanza ku Singapore. Mu Januwale 2025, mtsogoleri wa dziko la Colombia, Gustavo Petro, anakana kuti ndege za asilikali a America zonyamula anthu obwezedwa kwawo zitere m'dziko lake, ndipo analengeza zimenezi pa X. Trump anayankha pa tsamba lake la mchezo la Truth Social kuti aika msonkho wa 25 peresenti pa katundu wa ku Colombia. Petro naye anabwezera. Owerenga ankati apa ndiye ubale wathera pomwepa. Usiku wa tsiku lomwelo nkhani inali itakonzeka, chifukwa pamene akuluakuluwo ankalalatirana poyera, anthu awo anali kalikiliki kuimbirana mafoni kumbali.

Tsopano ku funso lanu lenileni. Nkhondo imafuna nkhuni zounjikidwa kale: malire okanganirana, chuma cholimbirana, chidani cha zaka zambiri, asilikali amene asonkhanitsidwa pamodzi ndi mafuta ndi chakudya chawo. Uthenga pawokha sungasunthe akasinja. Koma nkhuni zikauma, mawu amatha kukhala machesi, ndipo zimenezi zinayamba kalekale foni kulibe. Mu Julayi 1870, Otto von Bismarck, mkulu wa boma la Prussia (limene tsopano ndi mbali ya Germany), analandira telegalamu yofotokoza mmene mfumu ya Prussia inakumanira ndi kazembe wa France ku Ems. Anaidula mwadala kuti imveke ngati awiriwo anachitana chipongwe, n'kuipereka ku nyuzipepala. Anthu anapsa mtima ku Paris ndi ku Berlin komwe, ndipo pa 19 Julayi France inalengeza nkhondo. Kuti achite zimenezi, Bismarck anafunika kukhala mkulu wa boma, wokhala ndi manyuzipepala omumvera. Lero mnyamata wa laputopu, ali kuchipinda kwake, akhoza kuyesa zomwezo.

Ndipo ayesapo kale. Mu Disembala 2016, nduna ya chitetezo ya Pakistan, Khawaja Asif, inawerenga nkhani pa intaneti yoti Israel yaopseza Pakistan ndi zida za nyukiliya. Nkhaniyo inali yopeka. Ndunayo inalemba pa Twitter kukumbutsa Israel kuti nayonso Pakistan ili nazo zidazo, mpaka unduna wa chitetezo wa Israel unachita kuyankha pa Twitter pomwepo kuti mawu amenewo sananenedwe. Tangoganizani, mayi: munthu wa udindo wotere, m'dziko lokhala ndi mabomba a nyukiliya, anapusitsidwa mofanana ndi mmene anthu amapusitsidwira m'magulu a WhatsApp. Mu Meyi 2017, tsamba la bungwe lofalitsa nkhani la boma la Qatar linatulutsa mawu amene ankati walankhula mtsogoleri wa dzikolo, okomera Iran. Qatar inati anthu anathyola n'kulowa m'makompyuta ake, mawuwo ndi abodza. Nyumba zoulutsa mawu za mayiko oyandikana nayo zinapitiriza kuwaulutsa, ndipo pa 5 Juni, Saudi Arabia, United Arab Emirates, Bahrain ndi Egypt anadula ubale, n'kutseka malire ndi njira za ndege. Mkangano unalipo kale pansipansi, koma mawu aja ndiwo anakhala poyambira, ndipo zinatenga mpaka Januwale 2021 kuti mayikowa agwirizanenso. Mu Marichi 2022 kunatuluka vidiyo ya mtsogoleri wa Ukraine, Volodymyr Zelensky, akuuza asilikali ake kuti atule pansi zida. Inali yopangidwa ndi kompyuta. Imeneyo inali yosalongosoka, mutu sunkakhala bwino pa thupi, moti anthu anaitulukira msanga. Za masiku ano akuzipanga mwaluso kuposa pamenepo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa zonsezi ndi liwiro. Mu Okutobala 1962, America ndi Soviet Union anatsala pang'ono kumenyana chifukwa cha mizinga imene inaikidwa ku Cuba. Uthenga wina wa mtsogoleri wa Soviet Union, Nikita Khrushchev, unatenga maola pafupifupi 12 kuti ufike ndi kumasuliridwa ku Washington. Kuchedwa kotero kunali koopsa, n'chifukwa chake mu 1963 anakhazikitsa njira yapadera yotumizirana mauthenga pakati pa Moscow ndi Washington. Komabe mtsogoleri wa America, John F. Kennedy, anali ndi masiku 6 okambirana ndi alangizi ake, kuyambira pa 16 mpaka pa 22 Okutobala, anthu asanauzidwe kanthu. M'masiku amenewo maganizo oyamba, oti angokaphulitsa mizingayo, anapatsidwa nthawi yozizira, ndipo anasankha zotchinga njira ya pa nyanja. Zikanakhala lero, zithunzi za mizingayo zikanakhala pa foni ya aliyense tsiku loyamba lomwe, otsutsa boma akufunsa ola lililonse kuti bwanji mtsogoleri wangokhala chete. Sindikhulupirira kuti akanapeza masiku 6. Mwina akanapeza maola 6.

Ngakhale zili choncho, zinthu zazikulu zimakonzedwabe kotseka. Pangano la 2015 lokhudza nyukiliya ya Iran linayambira ku Oman, kumene nthumwi za America ndi Iran zinkakumana mobisa mu 2013. Mgwirizano wa 1993 pakati pa Israel ndi a Palestine unakambidwa mobisa ku Norway. Zoti mapanganowa anakhalitsa kapena ayi ndi nkhani ina. Mfundo yanga ndi yakuti sakanabadwa n'komwe akanati azikambidwa anthu onse akuonerera. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ndipo kudziwana kumene kumabwera chifukwa chokhala limodzi m'chipinda kumapulumutsa pa tsiku la mavuto. Mu Januwale 2016, asilikali 10 a pamadzi a America atagwidwa m'madzi a Iran, nduna zoona za ubale ndi mayiko ena za America ndi Iran, John Kerry ndi Javad Zarif, amene anali atazolowerana pa zokambirana za nyukiliya zija, anaimbirana foni kangapo, ndipo asilikaliwo anamasulidwa tsiku lotsatira.

Vuto ndi lakuti chipinda chotsekacho nacho chabooka. Pa msonkhano wina wa mayiko angapo tinali titatsala pang'ono kumvana pa ndime imene inatisautsa masiku atatu. Nthumwi ya dziko lina, mayi wodekha kwambiri, anali atangovomera kusiya mfundo imodzi. Foni yake inanjenjemera pa tebulo. Anaiyang'ana, nkhope inagwa, anavula magalasi n'kudzitikita m'maso. Wina wa m'chipinda momwemo anali atatumiza kunja zimene zinkakambidwa, ndipo kwawo anthu anali atayamba kale kulemba kuti nthumwi yawo yagulitsa dziko. Anapempha kuti tipumule kaye. Atabwerako anabweza mawu ake onse, akuwerenga pa pepala, osatiyang'ana. Ndime ija inafa tsiku lomwelo. Sindinamuimbe mlandu mayiyo ndipo sindimuimba mpaka pano. Kukambirana kumafuna kuti aliyense asiyeko kanthu, ndipo zimene wasiya zimaoneka poyamba, zimene wapeza zimadzaoneka pomaliza. Anthu akaona theka loyamba lokha, nthumwi iliyonse imaoneka ngati yogulitsa dziko.

Ngakhale makalata achinsinsi sakutetezekanso. Kim Darroch, kazembe wa Britain ku Washington, anatula pansi udindo mu Julayi 2019, makalata ake onena za boma la Trump ataululika ndipo Trump atalemba pa Twitter kuti sachita nayenso chilichonse. Munthuyo anangogwira ntchito imene anamutuma, youza boma lake mmene akuzionera zinthu. Ndimaopa kuti akazembe ambiri anatolapo phunziro loipa, loti ndi bwino kumalemba zosalala zokhazokha, ndipo boma limene akazembe ake amaliuza zosalala limayenda ngati wakhungu. Mu Marichi 2025, mkonzi wa magazini ya The Atlantic, Jeffrey Goldberg, anapezeka ataikidwa molakwitsa m'gulu la pa Signal (pulogalamu yonga WhatsApp) mmene akuluakulu a boma la America ankakambirana zokaphulitsa ku Yemen. Chala chimodzi chinaphonya, basi.

Ndisakusiyeni ndi zoipa zokhazokha, chifukwa zabwino ziliponso ndipo ine ndimaziyamikira. Kale dziko laling'ono, kapena munthu wamba, ankadikira kuti nyumba zikuluzikulu zoulutsa mawu zimukumbukire. Pa 25 Febuluwale 2022, mphekesera zitafala zoti wathawa, Zelensky anadzijambula pa foni usiku, ali pa msewu ku Kyiv ndi akuluakulu a boma lake, n'kunena kuti onse ali pompo. Kavidiyo kakafupi kameneko kanagwira ntchito imene makalata ambirimbiri sakanagwira. Masiku angapo izi zisanachitike, kazembe wa Kenya ku United Nations, Martin Kimani, analankhula za malire amene atsamunda anasiyira Africa ndi chifukwa chake mayiko a mu Africa anasankha kusawasintha ndi mfuti. Zolankhula zotere kale zinkangothera m'mafayilo, koma izi zinamveka dziko lonse lapansi chifukwa anthu ankatumizirana. Ndipo nkhani iyi ikukhudzani inu: nkhondo ya ku Ukraine itayamba, ophunzira a ku Africa amene ankathawa anajambula mmene ankakanizidwira kukwera sitima ndi kuwoloka malire. Mavidiyo awo ndiwo anachititsa kuti nkhaniyi isabisike, mpaka bungwe la African Union linatulutsa chikalata chodzudzula. Ku India, Sushma Swaraj, amene anali nduna yoona za ubale ndi mayiko ena kuyambira 2014 mpaka 2019, anatchuka chifukwa choyankha pa Twitter nzika zimene zasowa mtengo wogwira kunja.

Mphamvu imeneyi ili ndi malire ake. Mu Epulo 2014, atsikana 276 atabedwa pa sukulu ku Chibok m'dziko la Nigeria, anthu mamiliyoni analemba zopempha kuti abwezedwe, ndipo Michelle Obama anajambulitsa atanyamula chikwangwani. Mfuuwo unakakamiza maboma kuti achitepo kanthu. Koma magulu akuluakulu a atsikana amene anamasulidwa mu 2016 ndi 2017 anatuluka kudzera m'zokambirana zachinsinsi, mothandizidwa ndi boma la Switzerland ndi a Red Cross, ndipo ena sanabwerere mpaka lero.

Pali mbali ina imene anthu saiganizira kwambiri. Bwalo limene atsogoleriwa amakanganirapo lili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi makampani. Palibe anawavotera, sanasaine pangano la ku Vienna, koma ndiwo amasankha amene amveke ndi amene atsekedwe pakamwa. Mu Januwale 2021, Twitter inatseka akaunti ya Trump akadali pa mpando. Mu Juni chaka chomwecho inafufuta uthenga wa Muhammadu Buhari, mtsogoleri wa Nigeria pa nthawiyo, ndipo boma lake linatseka Twitter m'dziko lonse mpaka Januwale 2022. Elon Musk anagula kampaniyi mu 2022 n'kuisintha dzina kukhala X mu 2023, ndipo mu 2024 khoti lalikulu la Brazil linaitseka kwa masabata angapo pa mkangano wokhudza kumvera malamulo a dzikolo. Denmark inaona zimenezi msanga: mu 2017 inasankha kazembe woti azilankhulana ndi makampani a zaukadaulo ngati mmene amachitira ndi mayiko. Makampaniwa amapeza ndalama munthu akakhalitsa pa foni, ndipo chimene chimakhalitsa munthu ndi mkwiyo ndi mantha. N'chifukwa chake foni yanu imakubweretserani oopsezana okhaokha. Nduna ziwiri zimene zasainirana pangano la misewu kapena la mankhwala simungazione pamenepo.

Pamene zinafika poipitsitsa ndi ku Myanmar. Mu 2017, anthu a mtundu wa Rohingya oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh asilikali atayamba kuwapha ndi kutentha midzi yawo. Ofufuza a United Nations anati mauthenga a chidani a pa Facebook anathandizira kwambiri kukolezera moto, ndipo mu 2018 kampaniyo inavomera kuti sinachite zokwanira kuti iletse zimenezi. Inali ndi anthu ochepa kwambiri odziwa chilankhulo cha kumeneko oti aziwerenga zimene zikulembedwa. Izi zimandipweteka, chifukwa zikusonyeza kuti olankhula zilankhulo zimene makampaniwa sazilabadira ndiwo otetezedwa pang'ono kuposa onse. Ndiye mukandifunsa kuti masamba a mchezo anaphetsapo anthu, yankho ndi inde, ndipo anatero kudzera m'mauthenga masauzande a anthu wamba, tsiku ndi tsiku, kwa zaka.

Nanga inu muziwerenga bwanji? Mukaona uthenga woopsa, yambani mwaupeza pa tsamba lenileni la mtsogoleriyo kapena la unduna wake. Chithunzi cha uthenga chimene wina wakutumizirani si umboni, aliyense akhoza kuchipanga. Onani ngati nyumba zoulutsa mawu zodziwika ziwiri kapena zitatu, za mayiko osiyana, zikunena zomwezo. Kenako dikirani tsiku limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zoopseza zambiri sizigonera.

Koposa zonse, yang'anani zochita. Mkangano wa mayiko uli ndi makwerero ake, ndipo akazembe amawadziwa bwino. Kuitana kazembe ku unduna kuti adzafotokoze ndi sitepe yapansi, zimachitika kawirikawiri. Kubweza kazembe wako kuti mukakambirane ndi kukwera pang'ono. Kuthamangitsa kazembe wa anzako ndi kukwera kwambiri, komabe ofesi imatsala ikugwira ntchito. Mu Marichi 2025, nduna ya America yoona za ubale ndi mayiko ena, Marco Rubio, inalengeza pa X kuti kazembe wa South Africa, Ebrahim Rasool, sakufunikanso ku America. Zinali zowawa kuti nkhani yotere ilengezedwe motero, koma mayiko awiriwa sanatseke maofesi awo. Zizindikiro zimene ine ndimaziopa siziphokosera. Boma likayamba kuchotsa mabanja a ogwira ntchito ku ofesi ya kazembe, likauza nzika zake kuti zichoke m'dziko lina, makampani a ndege akayamba kuimitsa maulendo, pamenepo ndiye dzukani. Nkhondo ya ku Ukraine isanayambe pa 24 Febuluwale 2022, America inali italamula kale mu Januwale kuti mabanja a ogwira ntchito ku ofesi yake ku Kyiv achoke, ndipo kampani ya KLM inaimitsa ndege zake kutatsala masiku oposa 10. Amene ankayang'ana zimenezi anali ndi nthawi yolongedza.

Za mwana wanu, muuzeni akalembetse dzina ku ofesi ya kazembe wa dziko lake kumene aliko. Ambiri sachita zimenezi, ndiye pa tsiku la mavuto ofesi imasowa kudziwa kuti ili ndi anthu angati ndipo ali kuti. Ngati dziko lake lilibe ofesi kumeneko, afufuze kuti ndi ofesi ya m'dziko liti loyandikana imene imayang'anira derali. Pasipoti ikhale yosatha ntchito, ndi makope ake posungika, ndi kandalama kapadera koti akhoza kuyendera. Manambala ofunika alembe pa pepala, chifukwa maboma amatha kuzimitsa intaneti zinthu zikavuta, monga Egypt inachitira mu Januwale 2011. Adziwenso ofesi ya pa sukulu yake imene imasamalira ophunzira ochokera kunja.

Chinanso mumuuze mosabisa: asamale zimene amalemba. Mlendo alibe chitetezo chimene kazembe ali nacho. Mayiko ena amamanga kapena kuthamangitsa munthu chifukwa cha ndemanga ya pa Facebook yokhudza atsogoleri awo, chipembedzo chawo kapena nkhondo imene akumenya. Kuyambira 2019, America imafunsa pafupifupi aliyense wopempha viza kuti alembe mayina amene wakhala akugwiritsa ntchito pa masamba a mchezo m'zaka zisanu zapitazo. Sindikuti akhale wopanda maganizo ake. Ndikuti adziwe malamulo a kumene ali, ndipo akumbukire kuti zimene walemba ali ndi zaka 20 zidzawerengedwa ndi munthu wa pa kauntala ali ndi zaka 25. Akalandira uthenga wonena kuti ndi wochokera ku ofesi ya kazembe, wopempha ndalama kuti amusungire malo mu ndege yothawira, asatumize kanthu asanaimbe nambala ya ofesiyo imene anailemba yekha. Akuba amakonda nthawi ya chipwirikiti.

Nthawi yoti inu mufune thandizo ndi iyi: boma lililonse likalangiza nzika zake kuti zichoke kumene mwana wanu ali, kapena kukakhala chipwirikiti ndipo padutsa masiku awiri osamumva, pitani kapena imbani ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena, mufunse nthambi yothandiza nzika zimene zili kunja. Mutenge dzina lake lonse, nambala ya pasipoti, dzina la sukulu ndi keyala ya kumene amakhala. A Red Cross nawonso amathandiza kulumikizitsa mabanja amene asiyana chifukwa cha nkhondo. Akamangidwa kapena kuitanidwa ku polisi chifukwa cha zimene analemba, apemphe kuti ofesi ya kazembe wake idziwitsidwe, ndipo asasaine pepala limene sakulimva popanda loya.

Kusagona kwanuko nakonso sindikuchepetsa. Foni isamalowe nanu kuchipinda usiku. Sankhani nthawi imodzi pa tsiku, masana, yomvera nkhani za kunja kuchokera ku wailesi kapena nyuzipepala imene mumaikhulupirira. Masabata akadutsa tulo tisakubwera, mtima ukuthamanga, chakudya chisakulowa, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo, ndipo mukawafotokozere monga mwandifotokozera ine. Mupangane ndi mwana wanu tsiku ndi ola loti muziimbirana sabata iliyonse, kuti masiku enawo musamangoyang'ana ngati waonekera pa intaneti. Mukadzamuimbira ulendo uno, mufunseni ngati analembetsa kale dzina, ndipo akuwerengereni nambala ya ofesiyo kuti nanunso muilembe.